Mafunso ndi mayankho: msilikali ndi kuzizira kwa m'phiri la Mulanje

Tsamba lino ndi la asilikali amene ntchito kapena maphunziro angawafikitse ku mapiri a Mulanje ndi Thyolo, komanso la akuluakulu amene amawatsogolera. Zambiri zikukhudzanso apolisi, alonda a nkhalango, onyamula katundu wa alendo ndi aliyense amene amagona kutchire m'miyezi ya chisanu. Silikulowa m'malo mwa malangizo a wachipatala wa gulu lanu.

Kodi dziko lotentha ngati lathuli, kuzizira kungavulazedi munthu?

Kungamuvulaze, ngakhale kumupha kumene. Amene amaseka funsoli nthawi zambiri amakhala akuganiza za Nsanje kapena Salima, sanagonepo ku Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, mwezi wa July.

Mukamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, pomwe tauni ya Mulanje siyikufika n'komwe pa mamita 1,000. Ndiye kuti tsiku limene anthu pamsika wa Chitakale avala juzi yopyapyala, kumwambako kwazizira kuposa pansi ndi madigiri opitirira 13, tisanawerengere mphepo. M'miyezi ya June ndi July, pamwamba pa phirili udzu umatha kudzuka utayera ndi chisanu.

Koma mdani weniweni kuno ndi chiperoni. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa, cha ku Mozambique, ndipo imabwera ndi nkhungu ndi mvula yamawawa yosatha, nthawi zina masiku angapo. Simvula yoti munthu n'kuithawa. Imangokunyowetsa pang'onopang'ono, kenako mphepo n'kumaomba pa zovala zonyowazo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 poyerekeza ndi mpweya. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasochera atakwera Sapitwa, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata. Chimene chinamupha ndi kuzizira.

Ndi mavuto anji amene tikunena?

Kuno kwathu alipo awiri akuluakulu. Loyamba ndi kuzizira kwa thupi lonse, kumene achipatala amati hypothermia. Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37, ndipo likatsika kupyola 35 ndiye kuti vuto layamba. Lachiwiri ndi kuwonongeka kwa mapazi chifukwa chokhala nthawi yaitali m'jombo zonyowa ndi zozizira, kumene asilikali amakudziwa ndi dzina loti trench foot. Vutoli silifuna madzi oundana. Limachitika kukazizira pakati pa madigiri 0 ndi 15, ndipo amenewa ndi madigiri a tsiku ndi tsiku pamwamba pa Mulanje nthawi ya chisanu.

Palinso timatuza tofiira toyabwa totuluka m'zala za kumanja ndi kumapazi. Timeneti sitoopsa koma timasowetsa mtendere, ndipo timasonyeza kuti munthu sakudziteteza mokwanira. Kuuma kwa mnofu ndi chisanu, frostbite, n'kosowa kuno; tikukamba pansipa chifukwa cha amene amapita kunja.

Onyamula katundu a ku Likhubula amakwera phirili chaka chonse. Bwanji msilikali wophunzitsidwa bwino akhale pachiopsezo kuposa iwo?

Chifukwa wonyamula katundu amadzilamulira yekha. Akaona mtambo ukutsika pa Chambe amafulumiza mwendo, akafika ku kanyumba kogona alendo amavula zonyowa, amakoleza moto, n'kuphika. Akaona kuti nyengo yaipa, amamuuza mlendo wake kuti lero ku Sapitwa sitipita.

Msilikali alibe ufulu umenewo. Amakwera ndi katundu wolemera, thukuta lili kamukamu, kenako amalamulidwa kugona pansi pa udzu wonyowa osagwedezeka, mwina maola atatu, kudikira mdani wa m'maphunziro. Moto saloledwa. Jombo savula chifukwa nthawi ina iliyonse angauzidwe kunyamuka. Tulo sanagone mokwanira, chakudya wadya mothamanga kapena sanadye. Kutopa, njala, kunyowa ndi kukhala malo amodzi zikakumana, ngakhale munthu wamphamvu zedi amagwa.

Ndiye pali china chimene anthu sakonda kuchitchula: manyazi. Mnyamata amene wangotuluka kumene ku sukulu ya asilikali ya MAFCO safuna kuti anzake amuone ngati wofooka. Amangoti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, n'kukhala chete mapazi atachita dzanzi kuyambira dzulo. Ine ndimaona kuti kukhala chete kumeneku kwawononga mapazi ambiri kuposa nyengo yeniyeniyo.

Ena amati ife anthu akuda timavulala msanga ndi kuzizira. Ndi zoona kapena ndi tsankho chabe?

Pa nkhani ya mapazi ndi zala, ndi zoona. Kafukufuku wa magulu ankhondo a ku Britain ndi ku America wasonyeza kuti asilikali akuda amavulala zala ndi mapazi chifukwa cha kuzizira kawirikawiri kuposa anzawo oyera, ngakhale avale zofanana ndi kugwira ntchito imodzi. Mitsempha ya magazi ya m'zala imafinyika kwambiri ndipo imachedwa kutsegukanso. Si nkhani ya kulimba mtima. Tanthauzo lake n'lakuti msilikali wa kuno akapita kukaphunzira ku Sandhurst, sukulu ya asilikali ya ku Britain, asamayese mapazi ake ndi a mnzake wobadwira komweko. Mnzakeyo akamati zili bwino, zili bwino kwa iyeyo.

Ndingadziwe bwanji kuti mnzanga thupi lake layamba kuzizira moopsa?

Musadikire kuti akuuzeni, chifukwa vutoli limayambira kusokoneza mutu womwewo umene ukanamuchenjeza.

Poyamba amanjenjemera, mano kuchita kugundana, koma amayankhula bwino. Kenako manja amayamba kukanika tinthu tating'ono: kumanga zingwe za jombo, kutseka zipi, kulowetsa zipolopolo m'magazini. Amapunthwa pamalo poti palibe mwala. Mawu amatuluka ngati a munthu woledzera. Munthu wanthabwala amangoti zii, wofatsa amayamba kulalata popanda chifukwa. Amatsalira m'mbuyo, n'kumati "pitani ndikupezani, ndingopuma pang'ono."

Kutentha kwa thupi kukatsika kufika cha pa madigiri 32, kunjenjemera kumayamba kuchepa mpaka kusiya. Apa ndi pamene anthu amanamizika n'kumati wayamba kupeza bwino. Ayi. Munthu wozizira, wosokonezeka, amene wasiya kunjenjemera asanafunditsidwe, moyo wake uli pachiswe. Ena amafika povula zovala n'kumati akumva kutentha. Kupyola pamenepo ndi kukomoka.

Njira yachidule yoyesera: muuzeni awerenge chobwerera kuchokera pa 30, kapena ayende molunjika masitepe khumi. Akakanika, asapitirize ulendo.

Kunjenjemerako sikungakhale malungo?

Kungakhale, ndipo funsoli n'lofunika kuno kuposa m'mabuku a kunja. Msilikali amene analumidwa ndi udzudzu masabata awiri apitawo kuchigwa angayambe kudwala ali m'phiri. Wamalungo amanjenjemera koma pamphumi ndi pachifuwa pamatentha, mutu umawawa, mfundo zimaphwanya. Wozizidwa ukamupisa dzanja m'kati mwa malaya, pamimba kapena m'khwapa, umapeza pozizira. Thermometer ikakhalapo imathetsa mkangano.

Ziwirizi zimathanso kubwera pamodzi, pakuti wodwala malungo, wotsegula m'mimba kapena wachifuwa amazizidwa msanga. Mukakayika, mufunditseni, mutsike naye, akayezedwe magazi.

Tamupeza wazizidwa. Tichite chiyani pompo?

Choyamba muchotseni pamphepo: kuseri kwa thanthwe, m'tenti, kapena m'kanyumba ngati ka Chisepo, Thuchila kapena Sombani mukakhala pafupi. Chachiwiri, asagone pansi penipeni. Yalani zikwama, mphasa, udzu wouma, chilichonse, chifukwa nthaka imayamwa kutentha kwa munthu. Mukafika pobisika muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumukulunge m'thumba logonamo kapena m'mabulangete, mutu womwe, nkhope yokha ioneke. Kunja kwake kuteni ndi pulasitiki kapena lenikoti kuti mphepo isalowe.

Funditsani pachifuwa, m'khwapa ndi kumsana, osati manja ndi miyendo. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'sokosi limathandiza. Lisagunde khungu mwachindunji. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza bwinobwino, mumpatse tiyi wofunda wa shuga wambiri kapena phala. Shugayo ndi wofunika kuposa kufunda kwa tiyiyo, pakuti kunjenjemera ndi njira imene thupi limadzifunditsira, ndipo kumadya mphamvu zambiri.

Wosokonezeka kapena wokomoka musamumwetse kanthu, musamuyendetse, musamugwedeze. Mtima wozizira suchedwa kusokonekera ukagwedezeka. Munyamuleni pa machira ali chigonere, mwaulemu, ndipo itanani thandizo. Ngati akuoneka ngati watisiya, mvetserani kupuma kwake ndi kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, chifukwa zimakhala zapansipansi kwambiri. Woti anene kuti munthu wozizira wamwalira ndi dokotala, osati inu.

Nanga mapazi? Bwanji mukuwatchula kwambiri?

Chifukwa ndi amene amathetsa ntchito ya asilikali ambiri mwakachetechete. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, asilikali zikwizikwi anachotsedwa kunkhondo osalasidwa, atangoima masiku m'ngalande zamatope. Mu 1982, pa nkhondo ya ku Falklands, asilikali a Britain anakumananso ndi vuto lomweli chifukwa jombo zawo zinkalowa madzi.

Phazi likakhala pozizira ndi ponyowa, mitsempha ya magazi imafinyika, ndipo ikakhala choncho maola ambiri, minyewa yomvera imayamba kuwonongeka. Munthu amamva dzanzi, ngati akupondera phazi la mwini wake. Mukavula jombo mumapeza phazi lotuwa, lamakwinya, lozizira, mwina lotupa. Ululu weniweni umabwera likafunda: limafiira, limatupa, limatentha, limabaya, makamaka usiku, moti munthu safuna kuti ngakhale nsalu imukhudze. Zimenezi zimatha masabata. Ena amakhala zaka akuvutika nthawi iliyonse kukazizira.

Kupewa kwake sikufuna ndalama zambiri, kumafuna mwambo. Tsiku lililonse, ngakhale kamodzi, vulani jombo, pukutani mapazi mpaka pakati pa zala, ayang'aneni, asiyeni apitidwe mphepo mphindi zingapo, n'kuvala sokosi zouma. Khalani ndi sokosi zogonera zimene simuyendera, muzisunge m'jumbo lomanga bwino. Zonyowazo zifinyeni, muziike m'kati mwa malaya pafupi ndi thupi kuti ziziuma mukuyenda. Musagone ndi jombo zonyowa pokhapokha ngati palibiretu kuchitira mwina, ndipo zikatero masulani zingwe. Jombo yothina ndi yoipa kuposa yakale. Kuvala sokosi ziwiri m'jombo yokwana imodzi kumangotseka magazi. Mukaima pamalo amodzi, sewezani zala m'kati mwa jombomo, nyamukani pa zidendene, musalole phazi kugona.

Mukawoloka mtsinje ngati Lichenya kapena Likhubula, musayembekeze madzulo. Pamalo oyamba opumira, khuthulani madzi m'jombo ndi kufinya sokosi.

Phazi lachita dzanzi. Ndiwothe moto kapena nditikite?

Zonse ziwiri ayi, ngakhale ndi zimene mtima umafuna. Phazi la dzanzi silimva kutentha, ndiye munthu amapsa osadziwa, n'kudzazindikira matuza atatuluka. Kutikita kumanyula khungu lofewa kale. Madzi otentha nawonso amawonjezera kuwonongeka.

Litsukeni mosamala, liumitseni, liikeni pamwamba pang'ono, ndipo lifunde lokha pang'onopang'ono pomwe thupi lonse mwalifunditsa. Matuza musaboole. Ngati dzanzi silikuchoka phazi litafunda, kapena latupa n'kuyamba kuwawa, munthuyo asayendenso ulendo wautali. Akaonedwe ndi achipatala.

Tivale bwanji, poti yunifomu timachita kupatsidwa?

Ndi zoona kuti simusankha, koma mumasankha nthawi yovala chiyani. Zovala zingapo zopyapyala zimaposa chimodzi chokhuthala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umasunga kutentha, komanso mungathe kuchotsako kapena kuwonjezera. Pakhungu pakhale chosasunga thukuta, pakati pakhale juzi yaubweya kapena fleece, kunja chotchinga mphepo ndi mvula. Nsalu ya thonje ikanyowa imamatirira pakhungu ndipo imachedwa kuuma. Ku kaunjika wa pa Limbuli kapena Luchenza mungapeze malaya am'kati a anthu othamanga pamtengo wabwino, ngati malamulo a gulu lanu akulola kuvala m'kati.

Cholakwika chofala ndi kunyamuka m'mawa mutavala zonse chifukwa kukuzizira. Pomwe muzifika pakati pa chitunda, zonsezo zanyowa ndi thukuta, ndipo mukaima mulibe chouma. Nyamukani mukumvako kuzizira pang'ono. Mukangoima, valani juzi nthawi yomweyo, thupi lisanazizire. Chipewa chaubweya ndi magolovesi zikhale m'thumba lapafupi, osati pansi pa chikwama. Zovala zogonera zikhale m'pulasitiki, ndipo m'mawa muvalenso zonyowa zija poyenda. N'zowawa mphindi zoyambirira, koma ndi momwe mungakhalire ndi chouma usiku wotsatira.

Kakachasu pang'ono sikafunditsa?

Kamanamiza. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja, munthu n'kumva kutentha pomwe m'kati mukuzizira. Umachepetsanso kunjenjemera ndi kulanda nzeru. Fodya amachita zosiyana koma zoipanso: amafinya mitsempha ya m'zala, malo omwe magazi akuperewera kale.

Nanga chakudya ndi madzi?

Thupi limadzifunditsa ndi chimene mwadya. Idyani pafupipafupi, osadikira nsima ya madzulo: mtedza, chiponde, nthochi, mbatata yophika, mabisiketi. Idyaninso kanthu musanagone kapena musanayambe kulondera usiku.

Kukazizira ludzu silimveka, koma munthu amakodza pafupipafupi ndipo amataya madzi popuma ndi thukuta. Wopanda madzi okwanira m'thupi amatopa msanga, magazi safika bwino m'zala. Yang'anani mkodzo, ukakhala wachikasu kwambiri, imwani. Madzi a m'mitsinje ya m'phiri amaoneka oyera, komabe awiritseni kapena thiranimo mankhwala.

Tingalowetse mbaula m'tenti kuti tifunde?

Musayerekeze. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo ogona sadzukanso. Chimodzimodzi kugona m'galimoto injini ikulira mawindo otseka. Phikirani panja kapena pakhomo potsegula. Kuti mufunde, yalani chokhuthala pansi, valani zouma ndi chipewa, gonani moyandikana.

Udindo wa sajeni kapena kopolo ndi wotani pamenepa?

Waukulu kuposa wa wina aliyense. Pa nkhondo yoyamba ija, vuto la mapazi linachepa pamene akuluakulu anayamba kuyendera mapazi a asilikali, n'kuwaika awiriawiri kuti aliyense aziyang'anira mapazi a mnzake. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito lero.

Kufunsa kuti "muli bwino nonse?" n'kutaya nthawi, chifukwa yankho ndi "tili bwino, bwana" ngakhale zinthu zitaipa. Lamulani kuti jombo zivulidwe, muone ndi maso anu. Gwirani phazi. Funsani munthu payekha, osati pamzere. Musananyamuke, tsegulitsani zikwama muone ngati sokosi ndi zovala zogonera zilimo ndipo zili m'pulasitiki. Chiperoni chikagwa, fupikitsani nthawi yolondera kuti anthu azisinthana msanga, ndipo wotsika pa ulonda apeze chakumwa chofunda. Dziwani amene anavulalapo kale ndi kuzizira, amene wadwala posachedwa, ndi owonda kwambiri, chifukwa ndi amene amayamba kugwa. Mmodzi akagwa, yang'anani onse, pakuti anyowa ndi mvula imodzi.

Ndipo wonena kuti mapazi achita dzanzi asasekedwe kapena kupatsidwa chibalo. Mukamulanga mmodzi pamaso pa anzake, ena onsewo sadzanenanso. Maphunziro ankhondo amayenera kukhala owawa, palibe akutsutsa. Koma kusiya ulendo wa ku Sapitwa chifukwa nkhungu yatseka ndi chiganizo cha mtsogoleri wodziwa ntchito, ndipo anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri amene amaperekeza alendo akakuuzani kuti nyengo yaipa, amvereni.

Zimenezi zikukhudza miyezi ya chisanu yokha?

Ayi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri ndi kusefukiritsa mitsinje ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, asilikali a dziko lino a MDF anali m'gulu la opulumutsa anthu, akugwira ntchito m'madzi ndi m'matope mvula ikugwa masiku otsatizana. Madzi amene mukalowamo mukumva ngati ndi ofunda amathabe kutsitsa kutentha kwa thupi mukakhalamo maola. Pa ntchito ngati imeneyi anthu azisinthana, otuluka m'madzi avule, adzipukute, adye. Mapazi aziyang'anidwa kwambiri chifukwa mabala a m'madzi akuda amatukusira msanga. Amene mwawavuula, makamaka ana ndi okalamba, afunditseni mwa njira yomwe tafotokoza ija.

Ku North Kivu, kum'mawa kwa DRC, komwe asilikali athu anayamba kugwira ntchito yosungitsa mtendere mu 2013, kulinso mapiri, mvula yambiri ndi matope. Mwambo wa sokosi ndi womwewo.

Wovulala ndi chipolopolo kapena pangozi, bwanji amati afunditsidwe ngakhale kukutentha?

Munthu amene wataya magazi sangathe kudzifunditsa, ndipo magazi ozizira saundana bwino pabala, choncho kukha magazi kumapitirira. Mukatseka bala, chotsatira ndi kumuchotsa pansi pozizira ndi kumukulunga.

Amene akupita ku maiko a chipale chofewa awonjezere chiyani?

Kumeneko mnofu umatha kuundana kumene, makamaka zala, mphuno, makutu ndi masaya. Khungu limayera kapena kutuwa, limauma gwa, silimva kanthu. Yang'ananani nkhope pafupipafupi. Chitsulo cha mfuti musachigwire ndi dzanja lopanda golovesi, ndipo petulo asakutayikireni pakhungu. Chala chikangoyamba kuyera, chiikeni m'khwapa. Ngati chaundana ndithu, chimasungunulidwa m'madzi a madigiri 37 mpaka 39, makamaka ndi achipatala, ndipo pokhapokha mukatsimikiza kuti sichiundananso. Kusungunula kenako n'kuundananso kumawononga koposa kuchisiya chili chomwecho mpaka kuchipatala.

Munthu akachira, angabwerere kuntchito nthawi yomweyo?

Wozizidwa pang'ono amene wafunda, wadya ndipo mutu wake uli bwino, amafunikabe kupuma ndi kuonedwa ndi wachipatala asanabwerere pamzere. Amene anafika posokonezeka ayenera kupita kuchipatala basi, ngakhale aoneke kuti watsitsimuka.

Mapazi ndi amene amachedwa. Phazi limene linavulalapo limamva kuzizira msanga kuposa kale, limatuluka thukuta kwambiri, ndipo likabwerera m'madzi ozizira lisanachire limavulala moposa poyamba. Munthu wotere alembedwe m'buku la chipatala cha gulu, ndipo dokotala ndiye anene tsiku loti abwerere kutchire. Ululu wa usiku ukapitirira, auzeni adokotala momveka, chifukwa ululu wa minyewa kawirikawiri sumva panado ndipo uli ndi mankhwala akeake.